Ndinazungulira masitudiyo atatu ndili ndi snare kukhwapa

Nyimbo zathu zoyamba tinajambulira m'kachipinda kamene makoma ake onse anali omatidwa siponji. Mwini situdiyoyo anali ndi maiki abwino, kompyuta yamphamvu, komanso anali munthu woleza mtima. Ndinaimba ng'oma masiku awiri, ndipo ndinatuluka ndili ndi matuza m'manja koma mtima uli m'malo. Atatitumizira zimene tinajambulazo, ndinamvetsera kamodzi, kawiri, kenako ndinangoti chete. Snare yanga, ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa yokhala ndi timawaya kunsi kwake, imene ndikaimenya pabwalo anthu amatembenuka, inkamveka ngati munthu akumenya katoni yonyowa. Ma cymbal, mbale zachitsulo zija timamenya, ankakanda m'makutu. Kick, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi, inkafufuma pa nyimbo ina n'kusowa pa ina. Wojambula uja anayesa kuthiramo reverb ya pakompyuta, kulira kotsalira kuja kumene mawu amakhala nako m'holo, koma inkangomveka yoyenda payokha, ng'oma nazo pazokha. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinkadziwa kuti ndinaimba bwino.

Panapita nthawi kuti ndizindikire kuti vuto silinali maiki kapena manja anga. Gitala ya besi mungathe kuilowetsa ndi waya m'makina, woimba mungamuike m'kabokosi ndipo zimatheka. Koma ng'oma zimadzaza chipinda chonse, ndipo maiki amamva ng'omayo limodzi ndi makoma amene akuiyankha. Choncho titakonzeka kujambula kachiwiri, ndinauza anzanga a m'bandi kuti pasapezeke wolipira dipoziti ine ndisanakamve chipindacho ndi makutu anga.

Ndinayamba ndi foni. Sindinafunse za maiki ngakhale pang'ono. Ndinkafunsa kuti siling'i yatalika bwanji, chipinda ndi chachikulu bwanji, pansi pali chiyani, ndiponso ngati angandilole kubwera ndi snare kwa mphindi 20 pa nthawi imene alibe makasitomala. Ena anandiyankha kuti ng'oma amazikonzera pakompyuta basi, chipinda ali nacho ndi cha woimba mmodzi. Amenewa ndinawathokoza chifukwa ananena zoona. Mmodzi anati ndingoona zithunzi pa Instagram, sakuona chifukwa chobwerera ndi ng'oma. Ameneyunso ndinamusiya. Anatsala atatu.

Situdiyo yoyamba inali yokongola kuposa zonse. Magetsi amitundumitundu, sofa yachikopa, desiki yaikulu yomikisira, kutanthauza yosakanizira mawu ojambulidwa. Nditalowa m'chipinda chojambulira ndinakweza dzanja, ndipo nditanyamula ndodo yang'oma ndinagunda nayo siling'i. Inali pa mamita 2.4. Ndinaima pakati n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Pambuyo pa kuwombako panatsala kaphokoso kothamanga, kakuti trrr, ngati kawaya kakunjenjemera. Kameneka kamabwera makoma awiri olimba akayang'anizana bwinobwino, mawu n'kumangogunda uku ndi uku. Ngati kakumveka ndi manja okha, pa snare kamamveka ndithu, ndipo nditaimenya kanali pompo.

Nkhani ya siling'i ndiifotokoze pang'ono, chifukwa ndi imene inandipweteka ulendo woyamba uja. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Maiki awiri amene amapachikidwa pamwamba pa ng'oma, ma overhead, ndi amene amanyamula chithunzi chonse cha seti. Siling'i ikakhala yaifupi, maikiwa amakhala masentimita 50 okha pansi pake. Mawu a cymbal amafika pamaiki molunjika, kenako omwewo amagunda siling'i n'kubwerera atayenda mita imodzi yowonjezera, atachedwa ndi mamilisekondi atatu. Kuchedwa kochepa chonchi khutu silikumva ngati eko. Chimachitika n'chakuti mawu awiriwa amadyana, ena amazimiririka, ena amakwera, ndipo cymbal imamveka ngati ikuimbira m'paipi. Palibe batani limene limachotsa zimenezi pomikisa.

Komanso chipinda chilichonse chili ndi manotsi ake amene chimawakonda. Pakati pa pansi ndi siling'i ya mamita 2.4, mawu a pafupifupi 71 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa notsi, ndipo awa ndi mawu apansi) amaunjikana, ndipo m'dera lomwelo ndi mmene mumakhala kick ndi floor tom, ng'oma yolira pansi imene imaima pa miyendo yake. Chipinda cha situdiyo yoyambayi chinali chofanana mulitali ndi mulifupi, mamita atatu ndi theka uku ndi uku, kutanthauza kuti makoma onse anayi ankakuza notsi imodzimodzi, pafupifupi 49 Hz. Mwiniwake anandilozera siponji ya pamakoma, nati, "Achimwene, muno tinatseka zonse." Sindinafune kukangana nawo, koma siponji ya masentimita asanu imangomeza mawu apamwamba. Funde la mawu a 60 Hz ndi lotalika kuposa mamita asanu ndi theka, ndipo limadutsa siponji yotereyi ngati palibe kanthu. Ndiye chipinda chimataya kuwala kwake n'kusunga kugunda kwa pansi kokha. Katoni yonyowa ija inachokera pamenepa.

Yachiwiri sindikhalitsapo. Inali holo yaikulu ya simenti, denga lili kutali. Nditamenya snare, mtima wanga unadumpha, chifukwa inalira ngati bingu. Ndinakumbukira mbiri ya ng'oma za John Bonham wa bandi ya Led Zeppelin, zimene Andy Johns anajambula mu 1971 m'nyumba ya Headley Grange ku England, ataika setiyo pansi pa masitepe n'kupachika maiki awiri a Beyerdynamic M 160 pamwamba. Aliyense woimba ng'oma amalota phokoso limenelo. Koma nditayesa kaimbidwe kothamanga ka nyimbo zathu, kumenya kulikonse kunkagwera pa kunzake, ndipo munalibe katani kapena chotchingira chilichonse chochepetsera. Kenako ndinapempha kuti tonse tikhale chete kwa mphindi imodzi. Ndinamva lole ikudutsa, chitseko chikumenyetseka kwinakwake, ndi makina oziziritsa mpweya akung'ung'udza. Pa nyimbo yofatsa yoimba ndi mabulashi m'malo mwa ndodo, zonsezi zikanalowa.

Yachitatu inali yosapatsa chidwi poiona. Penti yakale, mipando yosiyanasiyana. Koma siling'i inali yopendekeka, kuchoka pa mamita pafupifupi anayi n'kukwera mpaka asanu. Khoma limodzi linali la njerwa zosapaka pulasitala, lina linali ndi timatabwa totalika mosiyanasiyana tomwaza mawu, ndipo m'makona munali zotchingira zokhuthala kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pansi panali matabwa, kapeti ili yopindidwa pambali. Ndinawomba m'manja. Mawu anatuluka, anakhala kanthawi kosakwana sekondi, n'kuzimiririka mosalala, opanda trrr uja. Ndinasuntha n'kuwombanso, pafupi ndi khoma, pakona, pakati. Paliponse chimodzimodzi.

Wojambula wa kumeneko anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anandiyang'ana ndikuzungulira, kenako anatenga floor tom ya pasitudiyopo n'kundipatsa. "Snare yakuuzani za pamwamba," anatero. "Tengani iyi, muziyenda nayo mukumenya. Pamene mumve kuti yadzaza m'mimba mwanu koma notsi ikumvekabe, imani." Ndinaikolekera m'dzanja lamanzere n'kumayenda pang'onopang'ono. Pakati penipeni pa chipinda inkamveka yopyapyala, ngati yaphwa. Pakona inkachita kusefukira, notsi osadziwika. Koma nditafika pamalo ena, masitepe atatu kuchokera kukhoma la njerwa lija, inangoti duu, yonenepa, yomveka poyambira ndi pothera. Bambo aja anawerama n'kumata katepi pansi pamenepo. Anati ambiri amaimanso pomwepo.

Kenako ndinapempha chinthu chimene ndikulangiza aliyense kuti azipempha. Ndinati, "Bambo, mungandimvetseko ng'oma zimene munajambula muno, koma zosamikisa?" Nyimbo yomalizidwa imabisa zambiri, chifukwa masiku ano n'zotheka kulowetsa snare ya pakompyuta m'malo mwa yeniyeni, womvera osadziwa. Iwo anatsegula ntchito ina yakale, anazimitsa maiki onse apafupi n'kusiya awiri okha a m'chipinda, amene anaima mamita angapo kutsogolo kwa seti. Ndi maiki awiri okhawo, ng'oma zinali kale ngati nyimbo ya pa wailesi. Kick inali ndi thupi, snare inali ndi mchira wake, ma cymbal anali ofewa. Anakankha chotchingira chimodzi chamatayala n'kukoka katani yokhuthala pakhoma la njerwa, nandiuza kuti ndimenyenso snare yanga. Kulira kwa chipinda chija kunafupika pomwepo, chipindacho chinauma moti chikanakwanira nyimbo zathu zothamanga. Anabweza kataniyo, chinatsegukanso. Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndafika.

Za zipangizo tinakambirana pomaliza, ndipo sizinatenge nthawi. Ndinawerenga maiki amene ndinkafuna: awiri pa kick, awiri pa snare pamwamba ndi pansi, atatu pa ma tom (floor tom ndi ng'oma zinzake), imodzi pa hi-hat (mbale ziwiri zotsegula ndi kutseka ndi phazi), ma overhead awiri, a m'chipinda awiri. Onse pamodzi 12. Ndinafunsa ngati angajambule onsewo nthawi imodzi n'kutsalabe ndi malo a besi ndi gitala, chifukwa ine ndimaimba bwino ndikamamva anzanga akuimba nane. Anati n'zotheka. Anali ndi Shure SM57 ya pa snare, AKG D112 ya pa kick ndi ma Sennheiser MD 421 a ma tom, maiki omwe amapezeka pafupifupi paliponse. Ndinavala mahedifoni kuti ndione ngati ndingadzikwezere ndekha kiliki, kaphokoso kosunga liwiro la nyimbo, popanda kusokoneza ena. Ndinakhala pomwe panali katepi paja n'kuona kuti pagalasi ndikutha kuonana maso ndi wojambula. Ndinafunsanso ngati nthawi yotchera ng'oma amaiwerengera m'maola olipira, komanso ngati adzatipatsa mafayilo onse a mawu a mtundu wa WAV, maiki iliyonse payokha. Zimenezi tinalemberana pa meseji kuti pasadzakhale kuiwala.

Tsiku lojambula ndinafika maola awiri anzanga asanabwere. Zikopa zatsopano ndinali nditamanga masiku awiri m'mbuyomo kuti zikhazikike. Tinayala kapeti yaing'ono pansi pa seti yokha, matabwa ena onse n'kuwasiya poyera. Ndinatchunanso ng'oma zonse m'chipindamo, chifukwa floor tom imene kunyumba inkamveka bwino, muno inafuna kuitsitsa pang'ono kuti igwirizane ndi malowo. Bambo aja anatenga waya wa maiki, anagwira nsonga yake pakati pa snare, n'kuyeza mtunda wofika ku overhead yakumanzere, kenako yakumanja, mpaka zinafanana. Anati akapanda kutero, snare imathawira mbali imodzi. Atalowa kuchipinda chawo, anandiuza kuti ndizimenya snare yokha pang'onopang'ono, iwo akudina batani la phase, lotembenuza funde la mawu, pa maiki ya pansi. Ndinamva m'mahedifoni snare ikupyapyala, kenako n'kunenepanso, ndipo anaisiya pomwe inanenepapo.

Anzanga atafika tinaimba nyimbo yoyamba kamodzi, yoyeserera chabe. Bambo aja anatiitana kuti tikamve. Sanaikemo kalikonse, anangokweza ma fader, timabatani tokwezera mawu a maiki iliyonse. Woimba besi wathu anamvetsera mpaka pa kolasi yachiwiri, kenako anatembenuka n'kufunsa kuti reverb imeneyi ndi ya mtundu wanji. Bambo aja analoza pagalasi, kukhoma la njerwa lija, n'kutiuza kuti tibwerere tikajambule yeniyeni manja asanazizire.