Sabata ya phenol mu labu ya kuchigwa

Anzathu ogwira ntchito ku Dedza kapena ku Mzuzu amamudziwa phenol ali wouma, woyera, wooneka ngati mchere wamibulu. Ife kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika, timamudziwa ali phalaphala, mwinanso madzi enieni. Mankhwalawa amasungunuka kutentha kukangodutsa pang'ono madigiri 40, ndipo masana a ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula amafika pamenepo popanda wodabwa. Muonjezerepo denga la malata ndi kachipinda kosungiramo katundu kotsekedwa tsiku lonse. Komanso phenol amakoka chinyontho cha mumpweya, ndiye botolo limene latsegulidwa kambirimbiri siliumanso bwinobwino ngakhale usiku kutazizirako.

Ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala china chakuno. Odwala amatitcha oyeza magazi, koma gawo lalikulu la ntchito yanga ndi makhololo a anthu oganiziridwa kapena odwala chifuwa chachikulu cha TB. Sabata yathayi pafupifupi yonse inathera pa botolo limodzi la phenol.

Lolemba linali la masiku onse: mzere wa malungo, amayi oyembekezera ofuna kuyezedwa kuchuluka kwa magazi, ndi anyamata a njinga zamoto obweretsa makhololo kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono. Madzulo ndinaona kuti utoto wofiira woyezera makhololo, carbol fuchsin, umene timaupanga ndi phenol, watsala pansi pa botolo.

Ena amafunsa kuti utotowu ndi wachiyaninso poti kuli makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010. Makinawo ndi abwino popeza matenda koyamba. Koma munthu akayamba kumwa mankhwala, pomuonanso pakatha miyezi iwiri, isanu ndi pomaliza, timabwerera ku maikulosikopu, chifukwa makinawo amagwira ngakhale zotsalira za tizilombo takufa kale. Chinanso, sanapangidwe kuti azigwira ntchito m'chipinda chotentha kuposa madigiri 30. Magetsi akazima masana, choziziritsira chipinda n'kuima, amene amatsala ali chilili ndi maikulosikopu ndi njira ya Ziehl ndi Neelsen yopaka makhololo utoto, ya m'zaka za m'ma 1880. Njira imeneyi popanda phenol siyenda. Kachilombo ka TB kali ndi khungu la mafutamafuta losalowa utoto wamba, ndipo phenol, mothandizana ndi moto, ndi amene amalowetsa utotowo mkati mpaka ukanirire ngakhale tithirepo asidi.

Lachiwiri ndinalawirira dzuwa lisanakwere, chifukwa phenol sindimamuyeza masana. Pa lita imodzi ya utoto pamafunika magalamu 10 a basic fuchsin, ufa wa utotowo, osungunulidwa mu mamililita 100 a spiriti, magalamu 50 a phenol, kenako madzi osungunulira mankhwala mpaka lita ikwane. Mabuku amati ngati phenol wauma kwambiri, imikani botolo m'madzi ofunda, chivindikiro chili chomasula pang'ono, kuti asungunuke. Kuno ntchito imeneyo dzuwa limakhala litatigwirira kale.

Zovala zake si zoseweretsa. Gauni wamanja aatali, epuloni ya pulasitiki yokhuthala, magalasi otchinga maso mbali zonse, nsapato zotseka. Nkhani yovuta ndi magolovesi. Aja opyapyala amene timavala potenga magazi phenol amawadutsa m'kanthawi kochepa, ndipo akalowa amakhala atatsekeredwa pakhungu pomwepo. Oyenera ndi a butyl kapena a neoprene. Tili ndi peyala imodzi yokha ya neoprene, imene ndimaisunga ndekha m'kabati ndipo ndimaipopa mpweya kuti ndione ngati yabooka ndisanaivale. Kuvala zonsezi kuchigwa kuno ndi chilango, thukuta limayenderera mpaka m'masokosi. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonjera, amapinda manja a gauni, kukweza magalasi pamphumi, n'kuyatsa fani kumaso. Faniyo imangomwaza nthunzi ya phenol chipinda chonse. Ine ndimatsegula mawindo, n'kuima mbali imene mphepo ikuchokera.

Utoto utapsa ndinausefa, ndinalemba tsiku pabotolo lakuda, ndipo ndinauyesa pa masilaidi (timagalasi topakapo makhololo) awiri odziwika kale, ina yokhala ndi tizilombo, ina yopanda. Timizere tofiira tinaoneka bwino pamwamba pa buluu. Wophunzira wa kukoleji amene ali nafe miyezi ino ndinamuonetsa kutenthetsa kwake: moto uzidutsa pansi pa silaidi mpaka nthunzi ingoyamba kutuluka, osabwatitsa. Ukabwatitsa, nthunzi ya phenol umaipuma ndiwe, utoto umaumira pagalasi, ndipo timibulu take timatha kukupusitsa kuti waona TB pamene palibe. M'nyengo yotentha chonchi utoto umauma msanga ngakhale osaubwatitsa, ndiye uyenera kumaonjezera usanathe mphindi zake khumi.

Lachitatu ndinapeza chitini cha HTH chitaikidwa pashelefu imodzi ndi phenol. Chiyambire kolera wa 2022 ndi 2023, klorini wa ufa ameneyu ali paliponse m'zipatala zakuno, ndipo akasowa pomuika amangomulowetsa m'chipinda chilichonse chokhala ndi loko. Ziwirizi zikakhudzana zimatentha, kutulutsa utsi wapoizoni, ndipo zingathe kuyaka. Ndinachitulutsa. Pomwepo tinakanganako pang'ono ndi mnzanga za malo oyenera botololo. Iye amakumbukira madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndiye amafuna chilichonse chikhale pamwamba penipeni. Ine ndimakana kuti mankhwala owotcha akhale pamwamba pa maso a munthu, makamaka amene ukhoza kuwanyamula ukuganiza kuti ndi ouma pamene asungunuka. Tinagwirizana shelefu yofika m'chiuno, botolo lili m'beseni, kutali ndi windo chifukwa kuwala kumamufiiritsa phenol.

Lachinayi chakumasana amayi amene amatikolopera, munthu wamkulu woti akhoza kundibala, anaima pakhomo akuyang'ana dzanja lawo.

"Bambo, taonani zalazi. Zayera, ndiye zachita dzanzi."

"Mwagwira chiyani, amayi?"

"Palibe. Ndimangopukuta mabotolo aja. Koma sizikupweteka ayi, musavutike."

Mawu omalizawo ndi amene anandidzidzimutsa. Asidi wa sulphuric amene timatsukira masilaidi akakudonthera umadumpha nthawi yomweyo. Phenol amayamba wapha mitsempha ya pakhungu, ndiye munthu samva kanthu pamene mnofu ukupsa. Khungu limayera ndi kuchita makwinya, pambuyo pake limafiira kapena kuda. Ndipo bala si ndilo loopsa kwambiri. Phenol amadutsa khungu msanga n'kulowa m'magazi, kumene amasokoneza kagundidwe ka mtima, kuyambitsa kukomoka ndi kuononga impso. Anthu afapo chifukwa chongothiridwa pakhungu, osamwa ngakhale dontho.

Chimene chinachitika n'chakuti phenol amene amaumira m'mazinga a chivindikiro anasungunuka ndi kutentha n'kuyenderera m'mbali mwa botolo. Amayiwo anapukuta ndi kansalu konyowa, kenako anakafinya ndi manja.

Ndinavala magolovesi, chifukwa wothandiza naye amapsa. Tinavula mphete yawo ndi kachibangili. Mankhwala oyenera kupukutira ndi polyethylene glycol, PEG 300 kapena 400, amene amamukoka phenol kumuchotsa pakhungu, koma ife tinalibe. Chotsatira ndi madzi, koma ambiri zedi. Phenol sasungunuka bwino m'madzi, magalamu 8 okha pa mamililita 100, ndiye timadzi ta m'kapu timangomufalitsa pamalo aakulu n'kumuthandiza kulowa. Mpopi unali wouma kuyambira m'mawa. Chinatipulumutsa ndi mgolo umene ndimaumirira kuti uzikhala wodzaza pakhomo la labu, umene anthu ena amati ukungodya malo. Wophunzira uja ankatunga ndi jagi, ine ndikuthira mosalekeza kwa theka la ola, dzanja litaloza pansi kuti madzi asayenderere kumkono. Kenako tinapukuta mobwerezabwereza ndi thonje la gilisalini wochokera ku famase, kusintha thonje nthawi iliyonse, mpaka fungo lija lotsekemerera la phula litasiya kumveka. Zikanakhala m'maso, tikanathira madzi okhaokha, osayandikizako gilisalini kapena PEG.

Amayiwo ankafuna abwerere akamalize kukolopa. Ndinakana, ndinawaperekeza kwa a kiliniko, amene anamvera mtima wawo, kuyeza BP, ndi kuwauza kuti akhale pomwepo mpaka madzulo. Tinayang'ananso mkodzo, poti phenol akalowa wambiri mkodzo umada. Unali bwinobwino. Malo opsa anali aang'ono, zala zitatu ndi m'mphepete mwa chikhatho. Wina pawodi anawalangiza kuti apakepo mankhwala otsukira mano, ndipo ndinachita kubwerera kukaletsa.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ngati iyi n'chakuti ife amene tinaphunzira za mankhwalawa ndife amene timawagwira titavala zonse, kamodzi pa miyezi ingapo. Okolopa, otaya zinyalala ndi alonda amadutsana nawo tsiku lililonse, manja ali pamtunda, ndipo maphunziro a chitetezo akabwera mayina awo sakhala pamndandanda. Chizindikiro chapabotolo, chija cha dontho likudya dzanja, palibe anawafotokozerapo, ndipo mawu ake onse ndi a Chingerezi. Joseph Lister, dokotala wa ku Glasgow amene mu 1867 analemba za kutsuka mabala ndi zipangizo za opaleshoni ndi phenol yemweyu, manja ake ankakhala osweka ndi mankhwalawa, chonsecho iye ankadziwa chimene akugwira.

Choncho Lachisanu m'mawa, odwala asanachuluke, ndinaitana onse othandiza pachipatala pansi pa mtengo wa nimu. Ndinawanunkhitsa chivindikiro chakale chotsukidwa, chapatali, kuti fungo alidziwe. Ndinawauza zinthu zochepa: botolo la m'beseni lofiira asaligwire, akaona chonyowa pafupi nalo aitane wa mu labu, likatayika tithira mchenga n'kuwola ndi fosholo osati kukolopa, ndipo khungu likayera asadikire ululu. Mlonda wina wa ku Tengani anabwereza zonsezo m'Chisena kwa anzake awiri, ndipo papepala limene tamata pakhomo talembapo zilankhulo zonse ziwiri.

Funso limene linatenga nthawi linali la mabotolo otha. Ndi agalasi lolimba, otseka bwino, ndiye anthu amawapempha kuti azisungiramo palafini, mafuta ophikira, ena kachasu. Ndinawauza kuti botolo la phenol silituluka pageti, ngakhale litatsukidwa. Chimodzimodzi madzi otsukira masilaidi, timawasonkhanitsa m'chigubu cholembedwa, sitiwathira m'sinki. Kuchigwa kuno madzi apansi ali pafupi, mjigo wa mudzi uli kuseri kwa mpanda wathu, ndipo phenol wochepa kwambiri amapha nsomba.

Amayi aja anabwera Loweruka kudzamangitsa bala. Khungu la zala ziwiri layamba kusupuka, chachitatu chikuchira, ndipo tsopano akuti zikupweteka. A kiliniko awapatsa masiku opuma. Ine ndalemba kalata yopempha malita awiri a PEG 400, mapeyala ena a magolovesi a neoprene, ndi botolo latsopano la phenol laling'ono, la magalamu 100 kapena 250, loti lizitha lisanayambe kukoka chinyontho. Kalatayo ipita ku ofesi ya boma ndi galimoto ya Lolemba.