Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: tsiku lomwe anandichotsera taipilaita

Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lapitali. Achimwene amene munafunsa kuti bwanji sindinaphunzire kompyuta msanga, yankho lanu ndi ili.

Mukukumbuka ntchito ija amalume anandipezera ku Limbe? Makina anga kumeneko anali IBM Selectric, ife tinkangoti golf ball chifukwa zilembo zake zinali pa kampira konyezimira kamene kankazungulira n'kumenya pepala. Ukasintha kampirako, zilembonso zinkasintha. Ku America anayamba kutuluka mu 1961, koma kwathu kuno ukakhala nawo unkayenda monyada.

Sindinkadziwa kuti eni ake maso anali kwina. Mu 1981 IBM inatulutsa PC, kompyuta ya patebulo, mkati muli purosesa ya Intel ndi pulogalamu ya DOS ya Microsoft. Mu 1991 anagulitsa bizinesi ya mataipilaita, m'pamene panabadwa kampani ya Lexmark. Ine ndili kalikiliki kupukuta yanga ndi kansalu Lachisanu lililonse.

Lolemba lina ndikulowa mu ofesi, ndinapeza taipilaita yanga ili pansi pafupi ndi chitseko, chingwe chake atachikulunga. Patebulo panga pali chibokosi ndi kamnyamata kovala tayi. Abwana anangoti, "Amayi, mwanayu akuphunzitsani." Ndinakhala pansi. Zala zimene zinkalemba kalata osayang'ana n'komwe zinayamba kunjenjemera. Ndikalakwitsa, kamnyamatako kankaseka chamumtima, ine ndikuona pagalasi. Masana ndinapita kuchimbudzi kukalira, pobwera ndinagwada ngati ndikumanga nsapato, n'kuchotsa kampira kaja, n'kukamanga pansonga ya chitenje. Ndili nakobe, ndipo sindikupepesa.

Patatha miyezi itatu kalata yondichotsa ntchito inabwera, yolembedwa pa kompyuta yomweyo. Dzina langa analilakwitsa. Zaka 14 ndikuwakonzera masipelo.

Ndiye mayi aja a ku akaunti, amene mpaka lero mumauza anthu kuti ndinali wamakani: munandikhalikapo pansi tsiku limodzi kundionetsa pobanda?

Zaka zotsatira zinathera mu kaunjika. Mu 2005 IBM nayonso inagulitsa bizinesi ya ma PC kwa Lenovo ya ku China, n'kutsala ndi makompyuta akuluakulu a m'mabanki, mapulogalamu ndi ulangizi. Laputopu ya ThinkPad imene mwana wanga woyamba anandibweretsera kuchokera ku Joni, yomwe ndikulemberapo panoyi, ndi ya Lenovo.

Gawo likubweralo ndi la bambo a ana ndi ndalama zanga zopumira.