Zikomo kwa inu amene simunandisiye sikelo itaima

Abale ndi alongo, anansi anga a ku Matawale, anzanga a kuntchito ndi a kumpingo, lero ndati ndikuthokozeni pagulu. Ambiri mukudziwa kuti kumayambiriro kwa 2024 ndinapita ku India kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Ena munangomva za m'maluwa. Tsopano adokotala andiuza kuti shuga wanga wakhazikika, jakisoni wa insulin ndinasiya, mapilitsi a BP andichepetsera, ndipo usiku ndikugona mpaka kucha osadzidzimuka ndi kubanika. Ndiye nkhaniyi muimve kwa mwiniwake.

Sindinapite kumeneko kukafuna kukongola ayi. Ndinali nditadutsa makilogalamu 130, pomwe msinkhu wanga mukuudziwa, ndine wamfupi. Madokotala amayerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake n'kupeza nambala yotchedwa BMI, ndipo yanga inali pamwamba pa 40. Malamulo amene madokotala a opaleshoni zoterezi akhala akutsata kuyambira 2022 amati munthu akafika pa 35 akhoza kuchitidwa, ngakhalenso kuyambira pa 30 ngati ali ndi matenda a shuga ovuta kuwaletsa. Ine ndinali ndi zonse: shuga, kuthamanga kwa magazi, maondo otupa. Ndipo Zomba mukuidziwa, kulikonse n'chitunda. Kuchoka pa depoti kukafika kuofesi ndinkaima panjira ngati ndikuwerenga uthenga pafoni, chikhalirecho ndikufuna mpweya. Anthu amangoti, “Koma mayi mukudya bwino, thupi la ndalama limeneli.” Ndinkaseka nawo, koma kunyumba mapilitsi anali odzaza m'kabati.

Ndiyambe ndi nkhani ya ndalama, poti ndi imene inatsala pang'ono kulepheretsa zonse. Titasonkhanitsa pafupifupi zokwanira, mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Chipatala chimafuna madola. Tinagona tili ndi zokwanira, tinadzuka tikuperewera. Amayi anzanga a banki mkhonde, munandibwereketsa kuposa mlingo wa masheya anga, ndipo palibe anandiyang'ana ndi diso lachilendo. Achimwene anga a ku Johannesburg, munatumiza osafunsa kuti ndibweza liti. Anzanga a kuntchito munasonkha pa Airtel Money ndi pa Mpamba pakati pa mwezi, nthawi imene aliyense amakhala akuwerenga masiku a malipiro. Bambo a kunyumba anagulitsa puloti imene ankainyadira kwambiri. Zikomo nonse.

Opaleshoniyo amaitcha sleeve gastrectomy. Sang'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tingapo, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo, kenako amadula ndi kuchotseratu pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya chifu. Chotsalacho chimakhala chopyapyala ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin, n'chifukwa chake miyezi yoyamba munthu sumva njala kwenikweni. Chochotsedwacho sichibwereranso, ndipo adokotala anandibwerezera zimenezi ndisanasaine. Achemwali anga aakulu, inu ndi amene munasiya geni yanu mumsika n'kukwera nane ndege kudzera ku Addis Ababa. Manesi atandidzutsa tsiku lomwelo kuti ndiyende m'khonde la wodi, poopa kuti magazi angaundane m'miyendo, munandigwira m'khwapa uku mukundinyoza kuti ndikuyenda ngati ndabwereka miyendo. Ndinkafuna kuseka koma mabala osalola.

Kunyumba ndiye kunali sukulu. Masabata awiri oyamba zamadzimadzi zokhazokha, kenako zopota, kenako zofewa, chakudya cholimba pambuyo pa mwezi ndi theka kapena iwiri. Apongozi anga anachoka ku Jali n'kudzakhala nafe. Mayi, inu amene moyo wanu wonse mwakhala mukukhulupirira kuti wodwala amachira ndi mitanda ya nsima, munaphunzira kusefa msuzi wa nkhuku yachikuda ndi wa matemba a ku Chilwa, n'kumandipatsa m'kakapu. Munkapukusa mutu, koma simunandikakamize ngakhale kamodzi. Tsiku lina nditasanza chifukwa chomeza mofulumira munangoti, “Walira mvula walira matope, mwana wanga,” n'kukatenga beseni.

Chovuta chinali kukwanitsa mapuloteni. Amafunika magalamu osachepera 60 patsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6 okha, ndipo chifu changa chinkadzaza ndi dzira limodzi lomwelo. Anzathu a kunja amagula ufa wa mapuloteni wa m'zitini, koma kuno mtengo wake sunali wa ife. Tinadalira chambiko, mkaka, usipa wosinja wothira m'phala, chipere cha nyemba, soya ndi nsomba zofewa. Lamulo n'lakuti uyambe ndiwo, masamba pambuyo, nsima kumapeto ngati malo atsala. Kwa Mmalawi zimenezi n'zozondoka. Madzi sumwera pa chakudya, umadikira mphindi 30. Zakumwa za gasi, Fanta ndi anzake, anandiletsa.

Cha m'sabata yachitatu sikelo inaima koyamba. Izi anali atandichenjeza kale, moti sindinade nkhawa kwambiri. Masiku oyamba thupi limadya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shuga ameneyu amasungidwa pamodzi ndi madzi ambiri, pafupifupi magalamu 3 a madzi pa galamu iliyonse. Ndiye zambiri zimene umataya poyambapo ndi madzi. Thupi likayamba kubwezeretsa nkhokwe imeneyi madzi amabwerera, sikelo n'kuima, ngakhale mafuta akupitirira kusungunuka. Patapita masiku inayambanso kutsika.

Kenako kunabwera pakamwa pa anthu. Nkhope italowa, ndipo cha m'mwezi wachinayi tsitsi litayamba kuthothoka, monga zimachitikira thupi likaonda mofulumira, ndinayamba kuona anthu akunong'onezana ndikadutsa. Mukudziwa chimene timaganiza kuno munthu akaonda. Sizinandipweteke chifukwa chonditchulira kachilombo. Ndili ndi abale amene akumwa ma ARV, ali ndi thanzi kuposa mmene ine ndinalili, ndipo miseche yotereyi imanyoza iwowo kuposa ine. Chinandipweteka n'chakuti anthu omwewo ankandiyamikira pamene ndinkafa pang'onopang'ono. Inu ochepa amene munabwera n'kundifunsa maso ndi maso kuti, “Asisi, zili bwanji m'thupimu?” ndikukulemekezani. Tsitsi lija linameranso.

Amayi a Mvano, inunso. Pamaliro ndi paukwati kukana chakudya kwathu kuno n'chipongwe, ndipo ine ndinkangotsina mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Mutamvetsa, munayamba kundipakulira m'kambale kakang'ono panokha, ndipo wina akafuna kundiwonjezera munkamuyankha ndinu kuti, “Asiyeni, akhuta.” Mwina munkaona ngati n'zazing'ono. Munandipulumutsa ku mafunso ambiri.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi kuima kwachiwiri. Kunabwera chaka chisanathe, ndipo kunatenga miyezi. M'mawa uliwonse nambala yomweyo. Nthawi zina kukwera ndi theka la kilogalamu. Mabala anali atapola, anthu anali atasiya kubwera kudzazonda, aliyense akuona ngati nkhani inatha bwino. Ine ndinkadzuka usiku n'kumawerengera puloti ija, ngongole ya banki mkhonde, ndalama za achimwene. Ukadwala ndi ndalama zako umangodandaula za thupi. Ukachira ndi ndalama za anthu, umamva ngati uli ndi ngongole ya kilogalamu iliyonse. Wachibale wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Ndiye ndalama zonse zija zathera pomwepa?” Sindinamuyankhe. Ndinakalirira kubafa.

Alangizi ndiye anachuluka. Wina akuti ndisale kudya masiku atatu, wina akunditumizira pa WhatsApp tiyi wochepetsa thupi, wina madzi a mandimu ndi jinja m'mawa kulibe kanthu m'mimba. Anzanga ogulitsa matiyi amenewa, ndikhululukireni, koma ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba, ndipo kwa munthu wa chifu chodulidwa, amene madzi omwe amamwa movutikira, zimenezo zikhoza kumugoneka m'chipatala.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi katswiri wa kadyedwe amene adokotala anga ananditumizako ku Blantyre. Mayi, dzina lanu sinditchula poti sindinakupempheni, koma mukawerenga mudzizindikira. Munandifotokozera kuti thupi laling'ono limatentha chakudya chochepa kuposa thupi lalikulu, moti chakudya chimene chinkandiondetsa poyamba tsopano chinkangokwanira kundisunga pomwepo. Munati thupi likaona kuti likutha limayamba kuumira, limachepetsa mphamvu zimene limawononga ngakhale munthu uli chigonere. Munawonjeza kuti poonda sitaya mafuta okha, minofunso imapita, pomwe minofu ndi imene imatentha chakudya. Njala nayo imabwerera pang'ono, chifu chimamasukako, ndipo zinthu ngati thobwa, tiyi wa shuga ndi mabisiketi zimangodutsa osakhutitsa. Palibe chinawonongeka, munatero, ndi mmene thupi limachitira, ndipo pafupifupi aliyense wochitidwa opaleshoniyi amadutsamo. Simunandiuze kuti ndichepetse kudya. Munati ndiwonjezere mapuloteni, ndizimwa madzi okwana lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndizigona mokwanira, ndiyambe kunyamula zolemera, ndipo sikelo ndizikwera kamodzi pasabata basi.

Lamulo lomalizali analigwira ndi bambo a kunyumba. Sikelo anaitsekera m'buti ya galimoto ya mnzawo, moti Loweruka lokha ndi pamene inkabwera kunyumba. Ndinakwiya nawo sabata yathunthu. Bambo, zikomo chifukwa chopirira mkwiyo umenewo, komanso chifukwa chodya nsima yanu mwakachetechete osandimvera chisoni mokweza.

Anansi anga awiri, amayi a nyumba yoyang'anana ndi yathu ndi mtsikana wawo, munkagogoda pawindo kusanache, ngakhale mu June kukuzizira ndi chifunga chotsika m'phiri. Tinayamba ndi kuzungulira m'dera lathu lomweli. Kenako Loweruka tinkapita ku Botanical Gardens, kenako tinayamba kukwera msewu wa Ku Chawe, kukhota kumodzi, sabata inayo kuwiri. Tsiku limene tinafika pa damu la Mulunguzi ndi miyendo yathu, sikelo inali isanasunthebe, koma ine amene ndinkalephera chitunda cha kuofesi ndinali pamwamba pa phiri ndikutsutsana mtengo wa mastroberi ndi anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. Mwana wanga wamwamuna anadzaza mchenga m'zigubu za malita 5 kuti ndizinyamula pakhonde, ndipo ankawerenga mokweza ngati mphunzitsi wa masewero, kuti anzake adziwe kuti amayi ake ali pa jimu.

Atelala anga a mumsika waukulu, inu simukudziwa chimene munachita. Ndinabweretsa diresi yoti mubwezenso, munandizunguliza tepi m'chiuno, munayang'ana m'kabuku kanu kakuda kaja n'kunena kuti, “Mayi, mwatsikanso masentimita angapotu apa.” Ndinakutsutsani kuti sikelo sinasunthe. Munati, “Ine za sikelo sindidziwa, ndimadziwa tepi.” Ndinatuluka m'shopu mwanu ndikumwetulira ndekha mpaka pa siteji ya minibasi.

Sikelo inadzayambanso kutsika, koma mwaulesi, osati ngati poyamba. Madokotala amati kuonda kwambiri kumachitika m'miyezi 12 mpaka 18 yoyamba, kenako thupi limakhazikika, ndipo ambiri amabwezako makilogalamu ochepa m'zaka zotsatira. Sindinafike pa nambala imene ndinalemba m'buku langa ndisananyamuke, ndipo mwina sindidzafikapo. Ndikadali mayi wathupi. Koma ndimagwada m'tchalitchi n'kudzuka ndekha.

Inu amene mwakhala mukundilembera kumbali kufunsa kuti mupite bwanji, ndikuyankhani mmodzimmodzi, koma dziwiranitu izi. Mavitamini ndi a moyo wonse: B12, ayironi, kashiyamu, vitamini D, ndipo magazi umayezetsa pafupipafupi kuti aone ngati sizikuperewera. Ena mwa mavitaminiwa savuta ku Zomba kuno, ena amachita kuchokera kutali, ndipo apa ndithokoze alamu anga amene amawatumiza pa basi. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac anandiletsa chifukwa amatha kuyambitsa zilonda m'chifu. Kuonda mofulumira kumatha kubweretsa miyala m'ndulu. Ena amavutika ndi chilungulira. Amayi amene mukufunabe mwana, amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pathupi. Ndipo musanagule tikiti, yambani mwapeza dokotala kuno kumudzi amene adzakuonani mukabwerako, chifukwa amene anakuchitani opaleshoni adzakhala kutsidya la nyanja pamene inu mukusanza usiku. Adokotala anga a kliniki ya shuga, amene munkasintha mlingo wa mankhwala anga thupi likamasintha kuti shuga asatsike mopitirira, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi manesi anu.

Zovala zanga zakale zimene atelala analephera kubweza ndazichapa ndi kuzisita, zili kwa amayi a Mvano, amene akuzifuna akatenge kumeneko. Amayi a banki mkhonde, gawo lomaliza la ngongole ndibwera nalo pa msonkhano wa mwezi uno, ndi chiwongoladzanja chake chomwe. Fanta wanga mupatse msungichuma, ine mundisungire dzira lowiritsa.