Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kachipangizo Kamene Ndinagulira Nyimbo

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditangotsiriza kulipira makina osokera aja, opalasa ndi phazi. Chinali chaka cha 2008. Makina ndinali nawo, sizasi ndi tepi ndinali nazo, koma anthu osoketsa ndiwo ankasowa.

Amalume anga, amene anandiphunzitsa kusoka, ankakonda kunena kuti telala sadzilengeza, ntchito yake ndiyo imamuyankhulira. Kwa iwo zinali zoona, poti anasoka zaka 30 pamalo amodzi ndipo aliyense ankawadziwa. Nanga ine ntchito yanga ikanayankhula bwanji, pamene diresi iliyonse ndikangoitsiriza mwini wake ankanyamula n'kupita nayo? Ndinkatsala ndi tizidutswa ta nsalu pansi basi. Munthu akafunsa kuti, "Kodi suti ya akazi mumaitha?" ndinkayankha ndi pakamwa, manja akujambula kolala m'malere. Ankagwedeza mutu n'kuti, "Tibweranso." Amene munachitapo bizinesi mukudziwa kuti mawu amenewa ndi otsanzika.

Ndisakunamizeni kuti kachipangizo kaja ndinakagula ndi nzeru za malonda, ayi. Ndinkafuna nyimbo. Masiku amenewo mnyamata aliyense ankalota iPod, ija Apple inatulutsa mu 2001 n'kumadzitama kuti nyimbo 1,000 zikwana m'thumba, ndipo pofika 2005 inali itayamba kuonetsa ndi mavidiyo omwe. Ine iPod sindikanaifikira. Ndinagula kachibale kake kopanda dzina, kamene tinkangoti MP4: kopyapyala, kasikirini kake ka mainchesi 1.8, m'munsi muli chozungulira chongotengera maonekedwe. Pa iPod yeniyeni munthu ankangozunguliza chala, pomwe pa kangaka unkachita kudina mwamphamvu mpaka kamveke. Pabokosi panalembedwa kuti 8GB, kunena kukula kwa malo ake osungiramo nyimbo ndi zina. Nambala imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Masabata oyambirira zinali nyimbo m'makutu, phazi pamakina. Tsiku lina msuweni wanga, amene anali ndi kamera ya digito, anajambula diresi imene ndinamusokera. Titalumikiza kachipangizo kanga ku kompyuta ndi chingwe cha USB kuti andiikire nyimbo zina, kanatseguka ngati fulashi wamba, iye n'kuponyamo chithunzi chija mongocheza. Poyamba chinakana kutseguka. Kamera inkajambula zithunzi zikuluzikulu, pamene kasikirini kanga kanali ka timadontho 128 kwa 160 basi. Atachichepetsa, diresi ija inaonekera, yaing'ono ngati chidindo, koma mapindo ake onse ali poyera. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Kuyambira pamenepo chovala sichinkachoka m'manja mwanga chisanajambulidwe: kutsogolo, kumbuyo, ndi m'kati momwe. Chithunzi cha m'katicho ndi chimene chinandipindulira kwambiri. Telala wosasamala amabisa ulesi wake m'kati mwa chovala, ndipo azimayi amene anapwetekedwapo amadziwa kuti poyamba n'kutembenuza.

Woyamba kugwira kachipangizoka anali mayi wina wogwira ntchito mu ofesi, amene anangobwera kudzafupikitsa siketi. Akudikira, ndinawapatsa n'kuwaonetsa podina. Anadutsa zithunzi mofulumira, kenako chala chinaima. Anayandikitsa kasikirini kumaso, anakatalikitsa, n'kukayandikitsanso.

"Iyi munasoka ndinu, achimwene?"

"Ndine, mayi. Dinaninso kamodzi muone m'kati mwake."

Anadina. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mawa nthawi yopuma mubwere ku ofesi kwathu, mutenge kakanema kanuka."

Ndinapita nditavala malaya anga abwino okhawo. Kachipangizo kaja kanayenda dzanja ndi dzanja, desiki ndi desiki, mitu itatu itagundana pa kasikirini kamodzi, ine nditaima pakhomo tepi ili m'khosi osayankhula kanthu. Ndinatuluka ndi maoda asanu. M'mbuyomo sabata yathunthu inkatha ndi maoda awiri, nthawi zina zigamba zokhazokha. Ndinayamba kusoka m'mawa ndi madzulo, masana n'kumayenda m'maofesi. Batire linkandivuta, chifukwa kasikirini kakamayaka linkatha msanga kuposa pomvera nyimbo, moti ndinazolowera kukazimitsa ndikangotuluka pakhomo pa munthu.

Pali cholakwa chimene ndinachita, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira ndimachita manyazi. Zithunzi zina ndinkajambula anthu atavala, nkhope zawo zikuoneka, osawauza kuti ndizikaonetsa ena. Mayi wina anamva kwa mnzake kuti, "Ndakuonatu mwa telala uja." Anabwera atakwiya koopsa. "Inu bambo, ndinakulipirani kuti mundisokere kapena kuti muzindiyendetsa m'thumba?" Ndinalibe choyankha. Ndinafufuta chithunzicho iwo akuona, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinkajambula chovala chili pa hang'ala, kapena kuyambira m'khosi kutsika mwini wake atavomera.

Chinthu chachiwiri chimene ndinatulukira mochedwa chinali chojambulira mawu cha m'kachipangizo komweka. Telala aliyense amaudziwa mkangano uwu: munthu amanena kuti manja aafupi, iwe n'kudula nsalu, tsiku lotenga iye n'kuti, "Ndinati aatali ine." Nsalu yodulidwa sibwerera, ndipo wogula ina ndi iwe. Ndiye ndinayamba kupempha kuti, "Mayi, mundilole ndijambule mawu anu, mutu wangawu umaiwala." Ndinkadziimba mlandu ndekha dala kuti asaone ngati ndikuwakayikira. Ankanena okha kolala, manja, kutalika ndi tsiku lotenga, ine n'kutchula miyeso mokweza ndikuyeza. Amalume atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, iwe ndiwe telala kapena wapolisi?" Koma chodabwitsa n'chakuti mawuwo sindinkawaseweranso kawirikawiri pamaso pa kasitomala. Munthu akadziwa kuti akujambulidwa amayamba waganiza kaye chimene akufunadi, ndiye mikangano inkathera pomwepo isanabadwe.

Tsopano tibwerere ku 8GB ija.

Patapita miyezi ingapo ndinapeza oda yaikulu kuposa zonse: yunifolomu ya gulu la kwaya, anthu 14. Ndinawayeza onse tsiku limodzi atatha kuyeserera nyimbo, miyeso yonse ndikuitchulira m'kachipangizo. Kope ndinali nditasiya kunyamula, poti ndinkadziona ngati munthu wamakono. M'mawa mwake ndinatsegula kuti ndiyambe kudula. Mafayilo anali pomwepo, mayina ake akuoneka bwinobwino, koma ndikadina palibe chotuluka. Ena mayina ake anali atasanduka tizilembo tosawerengeka. Zithunzi za sabata imeneyo nazonso zinali zotuwa kuyambira pakati kutsika.

Mnyamata wina wokonza makompyuta anakayesa pokadzaza ndi mafayilo kenako n'kuwawerenganso. Anandiuza kuti m'katimo munali malo a 1GB yokha. Opanga achinyengo amasintha kachipangizoko kuti kazinena nambala yaikulu kwa kompyuta, ndiye iwe umangoponyamo zinthu, iko n'kumavomera, koma malo enieni akadzaza zotsalazo zimapita kosadziwika. Anandiwerengera ndi masamu ake: nyimbo wamba ya MP3 imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndiye 1GB imanyamula nyimbo za mphindi zinayi pafupifupi 250. Ine ndinali nditaikamo zoposa 200. Kutanthauza kuti nyimbo zanga zinali zitakhala pamalo onse abwino, miyeso ya anthu a kwaya n'kugwera kuphompho. Amene anandigulitsa anangoti naye anagula choncho, ndipo mwina ankanena zoona.

Ndinabwerera kwa mkulu wa kwaya mutu uli pansi kukapempha kuti ndiyezenso anthu onse. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. Anavomera, koma kuwasonkhanitsanso kunatenga masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinasoka usiku wonse kangapo kuti tsiku lolonjeza lisandipitirire. Ulendo wachiwiriwu ndinalemba m'kope, mawu n'kujambulanso, ndipo Loweruka lililonse ndinayamba kukopera zonse pa kompyuta ya msuweni uja.

Madzulo a tsiku limene ndinamva za 1GB ndinafufuta nyimbo zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Zomvera m'makutu ndinapatsa mng'ono wanga. Masiku ano foni ya wina aliyense imachita zonsezi, moti ngakhale Apple inasiya kupanga iPod mu 2022, koma kanga kaja kakadali m'dirowa ya makina, pamodzi ndi mabobini, batire litafufuma.

Yunifolomu ya kwaya itatuluka, amalume anafika m'mawa wina atanyamula jekete ya suti m'pepala, imodzi mwa zimene ankanyadira. Anaikoloweka okha pa hang'ala, anaongola kolala ndi chala, n'kuyang'ana kumbali ngati akuyankhula ndi khoma. "Tajambulako iyi, uike m'kawayilesi kakoko. Ukaonetse anthu ako a m'maofesiwo, koma usanene kuti ndakutuma ndine." Zimene jekete imeneyo inabweretsa pakati pa ine ndi amalume, ndi nkhani ya gawo 10.