Pakhomo pasasowe themomita

Abale anga a ku Angonia ndi Tsangano, mvula yayandikira, malungo nawo ali m'njira. Kugwira mwana pachipumi ndi dzanja sikokwanira, chonde tiguleko themomita.

Yagalasi ija imakhala ndi mercury (zamadzimadzi zonyezimira ngati siliva) mkati, amene akatenthedwa amafufuma n'kukwera m'kachubu. Ikasweka musamukhudze, ndi poizoni. Ine ndimakonda yabatire: mumaika m'khwapa mouma, ikalira n'kuwerenga nambala. Yolozetsa pachipumi ija, imene tinaizolowera nthawi ya Covid-19, imayeza kutentha kochokera pakhungu, ndiye mwana akangochoka padzuwa ikhoza kukunamizani.

Thupi la munthu wabwinobwino limatentha pafupifupi madigiri 37. Mwana akafika 38, thamangani naye kuchipatala akamuyeze magazi, chifukwa themomita singakuuzeni ngati ndi malungo.