Tsiku lathunthu lomwe get() inandidyera mu R

Ntchito ndamaliza mu R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, koma mtima sunatsikebe. Ndinali ndi mafayilo a mvula a maboma onse 28, fayilo iliyonse muli manambala 12, mwezi uliwonse nambala yake. Chomwe ndimafuna n'chakuti loop imodzi (lamulo lobwereza ntchito yomweyo) ipange variable (dzina losungira manambala) ya boma lililonse, mvula_Zomba, mvula_Dedza, mpaka onse athe, kenako manambala a mkatimo apatsidwe mayina a miyezi.

Kupanga ma variable sikunavute: assign(paste0("mvula_", boma), manambala), basi. Ingosamalani kuti ikhale paste0, chifukwa paste imaika mpata pakati, dzina n'kutuluka lolumala.

Pa mayina a miyezi m'pamene zinandiwawa. Ndinalemba names(get(dzina)) <- month.abb, poti dzina ndi dzina la variable ija, get imatenga zomwe zili pansi pa dzinalo, ndipo month.abb imabwera kale ndi R, kuyambira Jan mpaka Dec. R inandiyankha kuti could not find function "get<-". Ine ndinaganiza kuti pali package yomwe ikusowa. Ndinafufuza m'mawa wonse, kenako ndinachotsa R yonse n'kuikanso mwatsopano, bandulo ya intaneti inathera pomwepo, ndinagulanso ina. Uthenga womwewo. Nditalowetsa paste0 mkati mwa get, uthenga unasintha n'kukhala target of assignment expands to non-language object, ndipo ndinasangalala poganiza kuti ndayandikira. Ayi ndithu, linali vuto lomwelo litangovala malaya ena. Nsima ya masana inazizira pathebulo, dzuwa linalowa ndikulimbana ndi mzere umodzi.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti uthengawo umanena zoona, koma mwanjira yoti munthu watsopano sangamve. R ikaona names(x) <- chinthu, imatenga x, kumupatsa mayina, n'kumubwezera pamalo pake. Pamalo pa x pakakhala get(dzina), R imafunafuna njira yobwezera kudzera mu get, ndiye "get<-" ija. Kulibe function yotero, ndipo palibe package yomwe mukusowa. Ntchito ya get n'kutenga basi, siibwezera.

Chonde, gwiritsani ntchito list, chosungira zinthu zambiri pansi pa dzina limodzi. Ndifotokoza, koma ndiyambe ndanena momwe ndinatulukira usiku uja. Mizere itatu: kanthawi <- get(dzina), kenako names(kanthawi) <- month.abb, pomaliza assign(dzina, kanthawi). Yachidule kuposa pamenepa ndi kupereka mayinawo musanapange variable: assign(dzina, setNames(manambala, month.abb)).

Ndaiwala china chomwe chinachitika ndisanafike apa. Loop yonse ndinaiika mkati mwa function kuti zioneke zadongosolo. Inayenda bwinobwino popanda kudandaula, koma nditalemba ls() kuti ndione ma variable omwe alipo, munalibe kanthu. Ukaitana assign mkati mwa function, variable imabadwira momwemo ndipo function ikatha imapita nayo limodzi, pokhapokha uwonjezere envir = .GlobalEnv. Ndiye palinso Nkhata Bay. Dzinali lili ndi mpata pakati, assign inalilandira mosavuta, koma polemba mvula_Nkhata Bay kuti ndione zomwe zili mkati, R inakana mpaka nditalikuta ndi ma backtick (`).

M'mawa mwake mnzanga wa mu ofesi anayang'ana pa kompyuta yanga, n'kuona ma variable 28 atandandalika, anangofunsa kuti, "Achimwene, bwanji osangoziika mu list imodzi?" Tinalemba limodzi: mvula <- list(), ndipo mkati mwa loop mvula[[boma]] <- manambala, kenako names(mvula[[boma]]) <- month.abb. Zinatheka ulendo woyamba womwewo. Mabulaketi awiriwa ali nayo njira yobwezera yomwe get ilibe. Nkhata Bay ndi mpata wake analowa popanda vuto, ndipo mvula ya chaka chonse ya boma lililonse inatuluka ndi sapply(mvula, sum), mzere umodzi, m'malo mwa loop ina yodzaza ndi get.

Ngati mwapanga kale ma variable ambirimbiri ngati ine, musawafufute. Lembani mget(ls(pattern = "^mvula_")), onse asonkhana mu list imodzi ndi mayina awo. Ndibwerezenso, yambani ndi list. Fayilo yanga yakale inali ndi ma assign ndi ma get paliponse, yatsopanoyi ilibe ngakhale imodzi, ndipo lipoti ndalitumiza lero masana.