Mmene tidadzutsira chigayo cha amalume ndi jenereta

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya ma megawatt pafupifupi 130, magetsi n'kumathima maola ambiri tsiku lililonse. Chigayo cha amalume chidangoti zii, azimayi n'kumabwerera ndi mphale yawo pamutu. Amalume adagula jenereta ya dizilo ya 20 kVA yogwirapo kale ntchito, koma atadina batani la chigayo, jenereta idabuula, kulavula utsi wakuda, mota n'kungong'ung'udza osazungulira, breaker, swichi yodula magetsi akachuluka, n'kugwa. Adandiitana chifukwa ndidaphunzira zamagetsi kukoleji ya ntchito zamanja.

"Mphwanga, andigulitsa chakufa," adatero ndisanakhale n'komwe pansi.

Ndidawapempha kuti tiyambe tawerenga kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pambali pa mota. Nditapukuta ufa, ndidapeza 7.5 kW, 400/690 V, 15 A, 1450 rpm, 50 Hz. Kenako ndidawerengera jenereta: 20 kVA ndi 20,000 VA, ndiye 20,000 kugawa ndi 400, kugawanso ndi 1.73 popeza ndi ya mawaya atatu amoto, zidapereka ma amp pafupifupi 29. Ndiye kuti mota ikakhala kuti yathamanga kale, jeneretayo ikhoza kuinyamula osatopa. Vuto lidali podzuka.

Mota yamtunduwu ilibe waya wopita kuchitsulo chozungulira cham'kati. Makoyilo atatu a m'mbali ndiwo amapanga mphamvu ya maginito yozungulira ka 1500 pamphindi, ndipo mphamvuyo ikamadutsa timitengo ta aluminiyamu ta m'chitsulocho imabala magetsi mmenemo, chitsulo n'kuyamba kuithamangira. Sichiipeza ayi, n'chifukwa chake adalemba 1450. Koma chitsulo chikadali chiimire, maginito amachidutsa ndi liwiro lonse, choncho mota imameza magetsi kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Apa ndiye ma amp 90, pajenereta ya 29. Mawaya a ESCOM amapirira zimenezi chifukwa kumbuyo kwawo kuli makina a ku Nkula ndi Tedzani. Kajenereta kathu kalibe womuthandiza.

Mankhwala ake ndi choyatsira cha star-delta. Koyilo iliyonse ili ndi nsonga ziwiri, zonse pamodzi zisanu ndi chimodzi: U1, V1, W1 ndi U2, V2, W2. Ukamanga nsonga zitatu zakumapeto pamodzi, ndiye star, ndipo koyilo iliyonse imalandira 230 V yokha. Ukalumikiza mapeto a koyilo ina ku chiyambi cha inzake, ndiye delta, iliyonse imalandira 400 V yonse. Mu star, magetsi odzukira amatsika kufika gawo limodzi mwa atatu, ma amp 30 basi. Koma mphamvu yopotokola nayonso imatsika chimodzimodzi, ndiye chigayo chiyenera kudzuka chopanda kanthu m'mimba. Ndipo njirayi imatheka pa mota yolembedwa 400/690 V yokha. Ikadakhala ya 230/400 V, delta akadaitentha.

Tsiku lomanga, ndidazimitsa zonse, kiyi wa jenereta ndili naye m'thumba, n'kuyeza ndi mita kuti nditsimikize kuti mulibe moto. Ndidatsekula kabokosi ka pamota, kuchotsa timapuleti tamkuwa tomwe tidamanga delta wamuyaya, n'kuyeza makoyilo onse atatu. Adafanana, mtima udakhala pansi. Ndidakoka mawaya asanu ndi limodzi kupita kubokosi latsopano momwe mudali ma contactor atatu (maswichi ogwira ndi maginito), timer yowerenga nthawi yochoka ku star kupita ku delta, ndi overload yozimitsa mota ikamakoka magetsi opitirira muyeso, osaiwala waya wa earth pathupi la mota.

Pamene ndidakhalitsa ndi pa contactor ya star ndi ya delta. Ziwirizi zikangogwira nthawi imodzi, mawaya amoto amakumana popanda chotchinga, ndipo kuphulika kwake kumatha kuchititsa munthu khungu. Choncho waya wodzutsa iliyonse ndidaudutsitsa pa inzake, kuti ina ikagwira ina isathe. Ndidayesa kangapo mota ndisanailumikize, kumangomvera kulira kwa ma contactor. Overload ndidaitchera pa ma amp 8.7, osati 15, chifukwa pamalo pomwe ili imayeza magetsi a koyilo imodzi, omwe ndi 15 kuchulukitsa ndi 0.58. Ambiri amaitchera pa 15, mota n'kupsa overload ikungoyang'ana.

Titaliza jenereta, mita idaonetsa 47 Hz. Jenereta ya mapolo anayi a maginito imafunika kuzungulira ka 1500 pamphindi kuti ipereke 50 Hz, ndiye ndidakweza pang'ono pa governor, kachipangizo kowongolera liwiro la injini, mpaka zidakwana. Nditadina batani, mota idadzuka bwinobwino, koma nyundo za chigayo zinkazungulira chobwerera. Ndidazimitsa, kusinthanitsa mawaya awiri amoto pomwe amachoka kujenereta, n'kuyesanso. Timer ndidaitchera ndi khutu komanso mita: mota ikafika paliwiro, ma amp atatsika, pamenepo ndiye delta alowe. Kwa ife zidatenga masekondi 7.

Chimene ndidakana kuchita ndekha ndi swichi yosinthira pakati pa magetsi a ESCOM ndi jenereta. Amalume ankafuna tingolumikiza molunjika, koma ndidawauza kuti magetsi a jenereta akabwerera m'mawaya a panja, transformer imawakweza kufika 11,000 V, ndipo munthu amene wakwera pholo akuganiza kuti mulibe moto amafera pomwepo. Adakhala chete kanthawi, kenako adatumiza mwana kukaitana mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, amene adamanga swichiyo n'kuyang'ananso ntchito yanga yonse.

Madzulo amenewo ndidaimirira ndi mnyamata wogayitsa pafupi ndi bokosi. Ndidamuuza kuti adine batani, amve kugunda koyamba, adikire kwachiwiri, kenako athire chimanga, ndipo pozimitsa aziyamba walola chigayo kutsuka m'mimba. Adabwereza katatu ine ndikuona. Dengu loyamba lidali la mayi wina amene adadikira kuyambira m'mawa ndi mwana kumsana, ndipo amalume adamugayira ulere.